Mphini pa Bondo la Tilekeni

Majaua,
Lachitatu m'mawa.

Mdzukulu wanga wokondedwa Kátia,

Ndiyambe ndi moyo wako. Wadzuka bwanji ku Quelimane kumeneko? Udzudzu wa m'madambo amenewo sunakumalize magazi? Maphunziro a unamwino akuyenda? Ife kuno tilipo, Ambuye akutisungabe. Chifuwa changa chija chinaleka, watsala msana, koma msana ndi ukalamba, usataye nawo mtima. Nandolo wachita maluwa, chinangwa chili bwino.

Ukudabwa kuti gogo walemba kalata pamene foni ya aneba athu a Gracinda ilipo. Ndaikana dala. Ukamalankhula pa foni imeneyo mwini wake amakhala pambali ngati akusenda mtedza, khutu lili tcheru, ndipo usanafike kunyumba nkhani yakafika kale kuchitsime. Komanso pakamwa panga ukupadziwa, pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Dzanja limachedwa, limandipatsa mpata woganiza. Zilembo ndi zomwe zija ndinaphunzira ku kampu ya othawa nkhondo, zokhotakhota, uziwerenga choncho.

Kalatayi ndimpatsira Belarmino wa chapa, woyendetsa minibasi uja, walonjeza kuti ikupeza Lachisanu. Uiwerenge tsiku lomwelo. Usaiike pansi pa pilo, chifukwa Lamulungu likubwerali ankhoswe akhala pansi kuti athetse ukwati wako ndi Florentino, monga unawauzira amalume ako a Gregório. A kwawo kwa mwamunayo anyamuka kale ku Molumbo.

Nkhani ndi ya galu wako Tilekeni. Ali moyo, usayambe kulira.

Ukukumbuka zimene ndinakuuza itangotha Pasaka, kuti Florentino anam'menya ndi mpini wa khasu n'kumuswa bondo la mwendo wakumbuyo. Iwe pa foni pomwepo unati bambo ako nawonso anayambira pa mbuzi asanafike pa amayi ako, ndipo sudikira kuti dzanja lotere likupeze. Chiyambire tsiku limenelo mwamuna wako akaimba suyankha. Tsono tamva zimene zachitika kuyambira pamenepo.

Bondo lija silinaphwe. Linakula ngati papaya, lotentha ukaliyandikira. Galu amayenda ndi miyendo itatu, winawo ataupachika m'mwamba. Chakudya anasiya, nthiti kuwerengeka. Kenako pambali panaboola kabowo kotuluka madzi onunkha. Ndinagula makapusulo kumsika, ofiira ndi achikasu aja, n'kumamuthirira m'phala. Palibe. Anadutsa mlangizi wa ziweto n'kumubaya jakisoni kawiri. Palibe. A Gracinda anati tingomumangirira mwala tikamuponye mu mtsinje wa Ruo, akutinunkhitsira mudzi. Ndinawayankha kuti amuna awo akhala akununkha kachasu zaka makumi atatu koma palibe anawamangirira mwala.

Florentino anakana mlandu kamodzi kokha, pamaso pa a Gregório. Ine ndinamukalipira kuti mkamwini sakweza mawu pamudzi pa eni ake, kaya kwawo ku Molumbo amatero. Anatseka pakamwa, ndipo sanatsegulenso. Anasiya kudya kwanga, koma chimanga changa anakolola ndi iyeyo, nkhokwe anamata ndi iyeyo. Madzulo dzuwa likamapendeka umamuona wakhala pakhonde ndi galuyo, akumutsuka bala ndi madzi otentha, akumulankhula Chilomwe ngati munthu.

Masabata atatu apitawo anamva kuti ku Vila ya Milange kuli dotolo wa ziweto, a Rui, amene ali ndi makina oonera tizilombo. A chapa anakana kunyamula galu wonunkha. Iye anangomangirira dengu pa kaliyala wa njinga, kuyala chiguduli, kumugoneka Tilekeni, n'kunyamuka kum'mawa kutangoyera. Mtunda wake ukuudziwa. Anatuma a Gregório kudzandiuza kuti ngati ndikufuna nditsatire, poti ndine mwini mlandu. Ndinakwera chapa. Sikuti ndinapita chifukwa cha chifundo ayi. Ndinkaopa zimene zikanenedwe ine kulibe.

Ndinamupeza atafika kale, fumbi mpaka m'nsidze. A Rui ndi mnyamata wa msinkhu wanu womwewu, wa mawu ochepa. Ndi Florentino amalankhula Chipwitikizi, akatembenukira kwa ine Chinyanja. Anati wina agwire mutu wa galu. Ine ndinasendera, Tilekeni n'kundionetsa mano onse, kulira kwa pakhosi kuja. Ndinati ndi ululu umenewo, wasokonezeka. Florentino atangoika dzanja pakhosi pake, galu anagonetsa makutu. A Rui anandiyang'ana.

Anamuyeza kutentha, anamutsegula zikope, anamuyang'ana m'mphuno, anamumvetsera m'chifuwa. Kenako anamubaya jakisoni wogonetsa. Atagona, anagwira mwendo uja n'kuupinda, kuuwongola, kupapasa fupa kuyambira m'chiuno mpaka kuzikhadabo. Anati fupa ili silinathyoke, ndipo silinathyokepo. Ine ndinati mpini suthyola fupa nthawi zonse. Iwo anati n'zoona amayi, koma kutupa kwa mpini sikukhala miyezi iwiri kukukulirakulira.

Ndiye anatenga lezala n'kumeta ubweya wonse wa pabondo.

Kátia, pamene ubweya unachoka, panaoneka mphini. Zitatu pamwamba, zitatu pansi, imodzi pakati. Yapakatiyo yakuya, ndipo kabowo kotuluka madzi kaja kanali pomwepo.

A Rui anafunsa kuti watema ndani. Ine ndinayang'ana kalendala ya pakhoma. Ndinati kaya, pamudzi pamadutsa anthu ambiri. Florentino anayang'anitsitsa mphinizo nthawi yaitali, kenako anayang'ana zala za kumapazi kwake. A Rui anati iwo si apolisi, safuna kumanga munthu, akungofuna kudziwa chimene anapaka pabalapo kuti adziwe chimene akulimbana nacho. Ine amene ndinatukwanapo msilikali ali ndi mfuti pa mlatho wa Muloza, ndinalephera kuyankha mwana wometa galu.

Anabaya singano m'kati mwa mfundo n'kukoka madzi. Anati madzi a m'bondo la galu wabwino amakhala oyera, onanda ngati therere. Awa anali ngati matsukwa. Anadontheza pa kagalasi, kusakaniza ndi inki yakuda, kuika pa makina, n'kundiitana kuti ndisuzumire. Ndinaona timazira ta chule, kalikonse m'kathumba kake, tambirimbiri.

Anati nachi chifukwa chake makapusulo ndi jakisoni sizinagwire. Izi si tizilombo ta mafinya wamba. Ndi chuku, m'bale wake wa zipere, m'bale wake wa chija chimamera pa mtedza wosungidwa wosauma, koma ichi chamera m'kati mwa bondo ndipo chikudya polumikizira mafupa. Kuchipatsa makapusulo kuli ngati kutchera khoswe ndi mankhwala a anankafumbwe. Anati chuku chilipo cha mitundu yambiri, ndipo kuti adziwe dzina la ichi atumiza madziwo ku Blantyre kwa anzawo, akawadzale ngati mbewu aone chimene chimere.

Tsiku lomwelo anamutsuka m'bondo. Singano ziwiri, ina yolowetsa madzi a mchere, ina yotulutsa, mpaka otulukawo anayera. Anatipatsa mapiritsi oyambira, m'mawa ndi madzulo, n'kutiuza kuti tibwerenso pakatha masabata atatu.

Masabata atatu amenewo sindinawaone bwino. Florentino sanandifunse kalikonse. Akandipatsa moni, moni basi. Akanandifunsa, ndikanamutukwana, mtima ukanakhala m'malo. Koma munthu wosafunsa umamutukwana poyambira pati? Ndinayesa tsiku lina kum'mwetsa ndekha galuyo mwamuna wako ali kudimba. Anandiluma pa chala chachikulu, chilonda chilipo. A Gregório anayesa, anathawa n'kutaya chipewa. Piritsi amalandira kwa munthu mmodzi yekha, atalibisa m'mutu wa usipa, ndipo akalilavula munthu yemweyo amamutsegula kukamwa ndi manja n'kulikankhira kukhosi.

Dzana Lolemba tinabwererako, iye pa njinga ndi dengu lake, ine pa chapa. Pepala linali litafika. A Rui analiwerenga n'kunena kuti chuku chimenechi chimakhala mu zitosi zouma za nkhunda. Akuti kawirikawiri chimalowera m'mphuno ndi fumbi, galu n'kumayetsemula, koma mphuno za Tilekeni n'zoyera, chifuwa n'choyera, chuku chili pansi pa mphini pokha. Anati nkhunda siziyenda ndi lezala, alipo anachiika ndi dzanja.

Ukudziwa chimene mwamuna wako ananena? Anati khola la nkhunda anamanga ndi iye, amasesamo ndi iye, amatsuka balalo ndi iye, ndiye mwina chinachokera m'manja mwake. Ananena motsitsa mawu, maso ali pa galu. A Rui anayang'ana iye, anayang'ana ine, n'kupinda pepala lija.

Tsono mwanawe, khala pansi ngati waimirira.

Ndinatema ndine.

Inali nthawi ya mondokwa, anyani atavuta kumunda wa kuphiri. Tilekeni anabwerako tsiku lina akutsimphina, bondo litatupa pang'ono, kaya anapindika pa mwala powathamangitsa. Florentino anali atapita ku Muloza kukagulitsa nyemba. Ine ndinati galu akagona sabata chimanga chatha. Ndinam'mangirira pa mtengo wa mango, kum'manga kukamwa ndi chitenje, n'kutenga lezala langa. Potema yapakati anadzuka ndi mphamvu, lezala n'kulowa kwambiri kuposa m'mene ndimafunira. Ndinapakapo zitosi za nkhunda zosinja ndi mwaye wa kudenga, monga amayi anga ankatipakira pa zithupsa tili m'tchire nthawi ya nkhondo. Ife tinkachira, ndinkati galu alephera bwanji. Ndinamanga kansanza, ndipo mwamuna wako atabwera ndinati yam'baya minga.

Zinakhala ngati zapola. Ubweya unaphimba. Patatha masabata atatu bondo linayamba kukwera. Tsiku lina kuchitsime a Gracinda anandifunsa pagulu kuti galu wa Kátia mwamutani, mwini wake akabwera mudzati chiyani. Amayi onse maso pa ine. Ndinati funsani mkamwini. Mawu awiri okha. Ndinali nditamuonapo tsiku lina akumuopseza ndi mpini pamene galuyo ankafukula mbatata, koma mpiniwo sunatsike, anangoukweza n'kuseka. Pofika madzulo nkhani inali yoti anam'menya. Kutacha inali yoti anali ataledzera, munthu amene ngakhale thobwa logona samwa. Ine m'malo moizimitsa ndinaithira nkhuni, poti kubweza mawu pachitsime kunali kundivula chitenje.

Ndipo pamene unaimba foni, ndinkadziwa bwino lomwe pamene pali bala lako. Ndinakulera ndine, usiku umene amayi ako anathawira kwanga ndinatsegula chitseko ndine. Ndinadziwa kuti ndikangoti mpini, iwe sufunsanso funso lina. Tchimo langa lenileni ndi limeneli, la lezala n'laling'ono.

Dzulo m'mawa ndinapita kunyumba kwanu. Ndinapeza katundu wake atamanga kale, thumba limodzi, khasu, wailesi, ndi mpope wa njinga. Zaka zinayi pamudzi pano, katundu wokwana pa kaliyala. Iye anali pakhonde akusenda mutu wa usipa. Ndinakhala pansi pa dothi, osati pa mpando. Ndinati Florentino, mphini zija n'zanga.

Anati akudziwa. Akuti anadziwa tsiku lometa lija, chifukwa zitatu, zitatu ndi imodzi anaziona kale pachifuwa pa mkazi wake. Tayang'ana wekha, ndi zija ndinakutema uli ndi chifuwa chokoka mtima. Ndinati nanga bwanji sunanene kwa dotolo, bwanji sunanene kwa a Gregório, ndiwe munthu kapena chitsa? Waona, ngakhale popepesa ndimatukwana. Iye anati kwawo nkhalamba saichititsa manyazi pamaso pa alendo, ndiponso mkamwini akaloza chala gogo wa mkazi wake, angam'khulupirire ndani pamudzi pano.

Ndinati ndiye masula katundu, nkhani yatha. Anati sinathe. Akuti iye sanakwatire ine. Zoti ine ndinanama sizikumuwawa kwambiri, poti pakamwa panga anapapeza pali chomwecho. Chikumuwawa n'choti iwe unamva mawu amodzi n'kukhulupirira, osam'funsa ngakhale kamodzi, munthu amene wagona naye mphasa imodzi zaka zinayi. Akuti Lamulungu sadzadziteteza. Ankhoswe akadzati nyamuka, adzanyamuka. Angakhale pokhapokha atamva mawu ako, ochokera pakamwa pako, tsikulo lisanafike.

Anatola mutu wa usipa uja. Anangoti agogo, tasunthani pang'ono, galuyu akakuonani sameza. Ndinasuntha n'kukaima kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba mpaka galu atameza piritsi lake.

Tsono za matendawo, poti ndiwe wa chipatala uzimva kuposa ine. A Rui akuti kutupa kwatsika pang'ono ndipo kabowo kayamba kuuma, koma tisasekerere. Mapiritsi ndi a miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka chathunthu, m'mawa ndi madzulo osadumphitsa. Akuti anthu amalakwa pamene galu wayamba kuponda pansi, amati wachira n'kusiya, chuku n'kubwerera ndi ukali. Mwezi uliwonse azipita naye ku Vila kukayeza bondo ndi magazi, chifukwa mankhwalawa nthawi zina amapweteka chiwindi. Tikaona maso achita chikasu kapena akusanza, tithamange. Tikaona akupendeketsa mutu kapena kugunda zinthu ngati wakhungu, ndiye kuti chakwera ku ubongo, ndipo pamenepo a Rui sanamalize mawu. Ngati fupa lipitirira kudyeka, adzadula mwendo kuti apulumutse galu. Kwa anthu akuti sangatipatsire, koma khola la nkhunda tiziyamba tawaza madzi tisanasese, ndi kansalu kumphuno.

Uwerenge bwino pamenepa. Galu amene salola dzanja lina, mapiritsi kawiri pa tsiku, ulendo wa njinga mwezi ndi mwezi. Florentino akachoka Lamulungu, sangam'tenge, poti galu ndi wako ndipo mkamwini amachoka ndi zimene anabwera nazo. Ndiye kuti Lolemba m'mawa Tilekeni sadzamwa mankhwala. Udzakhala utataya mwamuna ndi galu sabata imodzi, zonse chifukwa cha nkhalamba imene inaopa kusekedwa pachitsime.

Mapiritsi amene tili nawo atha pakapita masiku asanu ndi anayi, ndipo ku farimasiya ya ku Vila akuti ndi osowa. Ndaikamo kapepala kamene a Rui alembapo dzina lake ndi mlingo wake, ine lilime langa limangofika pa fulukona basi. Ukawafunefune kumeneko um'patsire Belarmino pobwerera. Usasinthe mlingo poti waphunzira, a Rui anamuyeza pa sikelo.

Ine Lamulungu ndidzaimirira pamaso pa ankhoswe onse, a kuno ndi a ku Molumbo, lezala lili m'manja. Ndawauza a Gracinda kuti adzabwere ndi makutu awo onse awiri, adzamve zoti akanene kuchitsime zimene kamodzi kokha zidzakhale zoona. Koma mawu anga okha sakwana. A Gregório ndinawauza dzulo madzulo, anangopukusa mutu n'kunena kuti mkamwini wandidyetsa mankhwala, kapena ukalamba wandilowa m'mutu. Akuti mlandu anawapatsa ndiwe, ndipo woubweza ndiwe. Waona m'mene bodza limakhalira, likakula ngakhale mwini wake salikwanitsa kulinyamula kuti alichotse.

Sindikupempha kuti undikhululukire msanga. Ukafuna, usadzandigulirenso mpango, usadzadyenso m'mbale yanga. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Foni ya mwamuna wako ndi yomwe ija, amaitchaja kwa aphunzitsi tsiku lililonse ndipo amayenda nayo m'thumba la malaya ngakhale kudimba. Uyambe iye, kenako amalume ako. Usayambe ndi kulira, iye kulira kumam'sokoneza. Um'funse funso limene sunam'funse lija, ayankhe yekha, ndipo um'siye amalize.

Undiperekere moni kwa anzako ogona nawo chipinda, ndi kwa amayi aja amakusungira madzi. A Gregório akupereka moni, ngakhale nkhope ili gwa. Ambuye akusunge, akupatse mutu wozizira kuposa wa gogo wako, ndipo Amayi Maria akuyang'anire polowa ndi potuluka.

Kunditukwana udzanditukwane Lolemba, ndidzakhala pansi n'kumvetsera mpaka umalize. Loweruka lisadutse usanaimbire mwamuna wako.

Ndine gogo wako,
Lucrécia Nanthowa